Ndikuopa kuti sindidzadzuka akadzandigonetsa pa opaleshoni

Mayi wa ana atatu:

Ndine mayi wa zaka 44, ndipo madokotala andiuza kuti pakatha masabata atatu ndidzachitidwa opaleshoni yochotsa chiberekero chifukwa cha zotupa zimene zakhala zikunditayitsa magazi ambiri kwa zaka ziwiri tsopano. Opaleshoniyo sindikuikana, pakuti ndatopa ndi chizungulire, ndatopa ndi mapiritsi owonjezera magazi, ndiponso ndatopa ndi kukhala mwamantha pagulu mwezi uliwonse. Chimene chandisowetsa mtendere ndi chakuti kuyambira pamene anandiuza tsiku, tulo tinandithawa. Madzulo ndimagona bwinobwino, koma cha m'ma 2 koloko usiku ndimadzidzimuka, mtima ukugunda ngati ndimathamanga, thukuta lili kamukamu, ndipo ndimakhala maso mpaka kunja kuyera.

Ululu sindikuuopa kwenikweni, chifukwa ndinabereka ana atatu ndipo ndimaudziwa. Ndikuopa mankhwala ogonetsa. Azakhali anga analowa ku fiyeta ndili mtsikana ndipo sanatulukeko amoyo, ndipo chimene tinamva pa maliro n'chakuti mankhwala ogonetsa anawachulukira. Mawu amenewo anakhazikika mumtima mwanga, moti ndikangoganiza za bedi la ku fiyeta ndimaona nkhope yawo. Nthawi zina mantha amatembenuka, n'kuyamba kuopa kuti mankhwalawo adzachepa, ndidzadzuka madokotala ali pakati pa ntchito, ndikumva zonse koma osatha kulankhula.

Abale anga onse akundiuza kuti ndilimbe mtima ndipo ndisamaganize zambiri. Amanena mwachikondi, koma mawu amenewa sakundithandiza, ndipo andichititsa kuti ndizingokhala chete. Ngakhale amuna anga sindinawauze kuti dzulo ndinafika poganiza zongokhala kunyumba tsiku la opaleshoni likadzafika. Mnzanga wina wandipatsa mapiritsi ake ogonetsa kuti ndizimwa usiku, ndipo sindinawayambe. Ndikupempha amene munadutsamo, kapena amene mumagwira ntchito imeneyi, mundiuze zoona zake popanda kundinyengerera. Kodi mantha otere munthu amathana nawo bwanji?

Wopuma ntchito ya ku fiyeta:

Amayi, ndinagwira ntchito yogonetsa odwala kwa zaka 26, ndipo funso lakuti "kodi ndidzadzuka?" ndinalimva kuposa funso lina lililonse, kuchokera kwa aphunzitsi, kwa asilikali, ngakhale kwa madokotala anzathu pamene iwo anali pa bedi. Musadziyese wofooka, ndipo mantha amenewa musawatenge ngati malodza.

Ndiyambe ndi kukonza chithunzi chimene anthu ambiri ali nacho. Ambiri amaganiza kuti timabaya jakisoni mmodzi wamphamvu, kenako n'kumadikira mwachiyembekezo kuti munthu atsitsimuke yekha. Sizichitika choncho. Mukalowa, tidzakuikani kachubu ka diripi pa mtsempha wa padzanja, lamba woyeza BP pamkono, timawaya toyeza kagundidwe ka mtima pachifuwa, ndi kachipangizo kakang'ono kopana chala komwe kamaonetsa kuchuluka kwa okosijeni m'magazi mphindi iliyonse. Mudzapuma okosijeni kwa mphindi zochepa, ndipo mankhwala oyamba, amene kawirikawiri amakhala propofol, oyera ngati mkaka, adzalowa kudzera pa diripi. Ena amamva kuwotcha pang'ono m'dzanja. Mphindi imodzi isanathe mumakhala mutagona. Mankhwala oyambawo amatha mphamvu pa mphindi zochepa chabe, choncho kuti mupitirize kugona timakupatsani mankhwala ena pang'onopang'ono nthawi yonse ya opaleshoni, mwa mpweya kapena mwa diripi, tikuwonjezera kapena kuchepetsa malinga ndi mmene thupi lanu likuyankhira. Dokotala akamaliza kusoka timatseka, ndipo thupi limayamba kudzuka. Wogonetsa sachoka kumutu kwanu kuyambira pachiyambi mpaka mutatsegula maso, ndipo alibe ntchito ina m'chipindamo koma kuyang'anira kupuma kwanu, mtima wanu ndi magazi anu.

Za kudzuka pakati pa opaleshoni, zimachitikadi koma mwa apo ndi apo. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku United Kingdom ndi Ireland, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2014, anapeza kuti odwala amene anadandaula za vutoli anali pafupifupi mmodzi mwa 19,000 alionse ogonetsedwa, ndipo kwa ambiri mwa iwo zinatenga mphindi zosapitirira zisanu. Zimene muyenera kuyembekezera kwenikweni ndi zazing'ono: nseru kapena kusanza, zomwe zimagwira munthu mmodzi mwa atatu alionse ngati sanapatsidwe mankhwala oziletsa, kupweteka kwa pakhosi kwa tsiku limodzi kapena awiri chifukwa cha kachubu kopumira kamene timakuikani pakhosi muli m'tulo, ndi kunjenjemera ngati wamva chisanu.

Tsopano nkhani ya azakhali anu, imene ndi yofunika kuposa zonse mwalembazi. Musaisunge mumtima, mukainene kuchipatala. Pali vuto lina losowa kwambiri lotchedwa malignant hyperthermia, limene limayenda m'magazi a pabanja, ndipo munthu amene ali nalo thupi lake limatentha moopsa akapatsidwa mankhwala ena ogonetsa. N'chifukwa chake timafunsa wodwala aliyense ngati pali wachibale amene anavutikapo kapena kumwalira pogonetsedwa. Tikadziwa, timasankha mankhwala ena amene sayambitsa vutoli. Komabe ndikuuzeni zimene ndinaona pa zaka zanga: mawu akuti "mankhwala anachuluka" amanenedwa pa maliro ambiri amene chifukwa chake chenicheni chinali china, monga matenda amene anafika poipa munthu asanafike kuchipatala, kapena kutaya magazi pa opaleshoni yadzidzidzi. Ngati alipo wamkulu pabanja panu amene akukumbukira chimene azakhali ankadwala, mufunseni.

Pemphani kukumana ndi wogonetsa tsiku la opaleshoni lisanafike. Mu 1964 dokotala wina wa ku Boston ku America, Lawrence Egbert, pamodzi ndi anzake, anatsatira odwala 97 ochitidwa opaleshoni ya m'mimba. Amene anachezeredwa ndi kufotokozeredwa bwino za ululu umene adzamve ndi mmene angauchepetsere anafuna pafupifupi theka la mankhwala oletsa ululu a morphine amene anzawo osafotokozeredwa anafuna, ndipo anatuluka m'chipatala masiku oposa awiri anzawo asanatuluke. Kucheza kumeneko ndi mbali ya chithandizo, choncho musachite manyazi kukupempha. Mukafunsenso ngati opaleshoni yanu ingatheke ndi jakisoni wa pamsana, amene amachititsa dzanzi kuchokera m'mimba kutsika m'munsi inu muli maso, pakuti nthawi zina n'zotheka malinga ndi kukula kwa zotupa ndi njira imene dokotala wasankha. Ndiponso popeza mwataya magazi kwa nthawi yaitali, funsani kuti magazi anu afika pati ndiponso ngati akonzeratu ena okuwonjezerani pakadzafunika.

Mapiritsi a mnzanuwo mubwezereni. Sindikudziwa mtundu wake, ndipo inunso simukudziwa mmene angagwirizanirane ndi mankhwala athu. Ngati kusowa tulo kwafika povuta, dokotala wanu akhoza kukulemberani oyenera. Chilichonse chimene mukumwa, kuphatikizapo mankhwala azitsamba ndi aspirin, mukachitchule.

Bambo wa zaka 58:

Ine ndinachotsedwa ndulu chaka chatha chifukwa cha timiyala, ndipo ndisaname, ndinasintha tsiku kawiri ndikunamizira ntchito. Zimene alemba akuluwa n'zoona, koma ndionjezepo za usiku, chifukwa pa 2 koloko palibe wogonetsa woti mumufunse.

Chimene chinandithandiza choyamba chinali kope. Ndinaliika pambali pa bedi, ndipo ndikadzidzimuka ndinkalemba chimene chandidzutsa m'chiganizo chimodzi chomveka. Ndinadabwa kuona kuti chinthu chimene chinkaoneka ngati phiri mumdima chinali mafunso asanu ndi awiri okha amene ankangobwerezabwereza. Anayi anali a dokotala, ndipo ndinapita nawo. Awiri anali a pakhomo, okhudza amene adzayang'anire ntchito zanga ndi kumene ndinasunga mapepala ofunika, ndipo ndinawakonza tsiku limodzi. Limodzi lokha linalibe yankho, lakuti bwanji ngati ineyo ndidzakhale mmodzi watsoka uja, ndipo limenelo ndinkapita nalo m'pemphero.

Chachiwiri ndi kapumidwe. Namwino wina anandifotokozera kuti mantha akabwera thupi limatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline, mtima umathamanga, munthu amapuma mofulumira ndi mosafika pansi, ndipo kupuma koteroko kumabweretsa chizungulire ndi dzanzi m'zala, zimene zimamuopsezanso munthu kuposa poyamba. Anandiphunzitsa kukoka mpweya ndi mphuno ndikuwerenga mpaka 4, kenako kuutulutsa pakamwa pang'onopang'ono ndikuwerenga mpaka 6 kapena 8, dzanja lili pamimba. Chinsinsi chili pa kutulutsako, chifukwa mtima umatsika liwiro munthu akamatulutsa mpweya. Poyamba ndinkaona ngati zamasewera. Ndinayamba kuzichita masana mtima uli m'malo, kawiri pa tsiku, kuti usiku thupi lizikumbukira lokha, ndipo pa sabata yachiwiri ndinkatha kugonanso pakatha theka la ola. Tsiku la opaleshoni ndinapuma choncho pa bedi lamatayala mpaka pakhomo la fiyeta.

Ndikuchenjezeninso za chinthu chimodzi chimene chinandiopseza pachabe. Anandifunsa dzina langa ndi opaleshoni imene ndabwerera katatu konse, mu wodi, pakhomo, ndi pa bedi la fiyeta penipeni. Ndinaganiza kuti asokoneza mafayilo. Pambuyo pake ndinamva kuti ndi ndondomeko imene bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linakhazikitsa mu 2008, ya mfundo 19 zimene gulu lonse limatsimikizira mokweza mawu asanakugonetseni, asanayambe kucheka, ndiponso musanatuluke, mpaka kuwerenga nsalu ndi zida zonse zimene agwiritsa ntchito. Choncho akakufunsani mobwereza, dziwani kuti zinthu zikuyenda m'njira yake.

Za kugona kwenikweniko ndilibe chokamba, chifukwa palibe chimene ndikukumbukira. Wogonetsa anandifunsa za adzukulu anga, ndinatchula woyamba, ndipo chotsatira chinali mawu a namwino akunditchula dzina ndi kundiuza kuti zatha. Ndinamutsutsa kuti sanayambe n'komwe.

Mphunzitsi wamkazi:

Achemwali, ndikulemekeza zimene abambo awiriwa alemba, koma ndisiyana nawo pang'ono, chifukwa anthufe sitifanana. Ine ndinachitidwa opaleshoni yofanana ndi yanuyo zaka zinayi zapitazo, ndipo kudziwa zambiri kunandiwonjezera mantha. Ndinkakhala pa intaneti usiku wonse, ndikuonera mavidiyo a opaleshoni ndi kuwerenga nkhani za anthu amene zinawavuta, osazindikira kuti anthu ochuluka amene zinawayendera bwino salemba kanthu, amangobwerera ku ntchito zawo. Ndikamva kuti vuto limagwera mmodzi mwa anthu masauzande, maso anga ankangoona mmodziyo. Ndinapeza mpumulo pamene ndinauza dokotala kuti andiuze zimene ndiyenera kudziwa kuti ndisayine fomu ndi mtima wonse, ndi zimene ndiyenera kuchita ineyo, koma za mmene adzachekere azisunge. Anavomera mosavuta. Ndiye dziyeseni nokha: ngati kufunsa kumakukhazikani mtima pansi, funsani zonse, koma ngati mukuona kuti yankho lililonse likubala mafunso atatu, ikani malire, ndipo foni isalowe kuchipinda usiku.

Chimene chandikhudza kwambiri m'mawu anu n'chakuti amuna anu simunawauze. Inenso ndinabisa, poganiza kuti ndikuteteza banja, ndipo ndinkalusa pa zinthu zazing'ono mpaka ana anayamba kundizemba. Anthu akamati limbani mtima, kawirikawiri amakhala kuti nawonso ali ndi mantha ndipo akusowa chonena. Sankhani munthu mmodzi, mumuuze kuti simukufuna malangizo, mukungofuna kuti amve. Ine nditawauza amuna anga kuti ndikuopa kufa, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anaulula kuti iwonso sankagona, ankangonamizira kuti ali m'tulo kuti ndisadandaule. Tinaseka ndi misozi m'maso, ndipo usiku umenewo ndi umene ndinagona bwino koyamba.

Palinso nkhawa ina imene simunaitchule, ndipo mwina mulibe, koma ine ndinali nayo yobisika pansi pa mantha a mankhwala. Ndinkalira chiberekero chenichenicho, ngakhale ndinalibe maganizo oberekanso, ndipo ndinkaopa kuti ndidzasiya kukhala mkazi weniweni pamaso pa amuna anga. Ngati zilipo, mufunseni dokotala momasuka ngati adzasiya mabasiketi a mazira, chifukwa akawasiya thupi limapitiriza kupanga mahomoni ake ngakhale kusamba kumatha, ndipo mufunsenso kuti mudzadikire masabata angati musanakhalire pamodzi m'banja. Kwa ambiri amakhala pafupifupi masabata 6. Ndipo mukaona kuti mantha akukulepheretsani kudya ndi kugwira ntchito, kapena mukubanika ngati mukufa, pemphani kuonana ndi mlangizi wa zamaganizo, musadikire kuti zithe zokha.

Mayi wa ana atatu:

Zikomo kwambiri nonsenu. Ndakhala chete masiku asanu ndi anayi chifukwa ndinkafuna ndiyambe ndachita zina mwa zimene munandiuza. Ndinaimbira foni mwana wamkulu wa azakhali, amene panthawiyo anali ndi zaka 20, ndipo anandiuza zimene sindinamvepo moyo wanga wonse. Azakhali anatsekeka matumbo, anakhala kunyumba masiku anayi akusanza, ndipo pofika kuchipatala anali atafooka kale kotheratu, moti madokotala anachenjeza banja asanalowe nawo kuti chiyembekezo n'chochepa. Anamwalira tsiku lotsatira, osati pa bedi la fiyeta monga ndinkaganizira. Kwa zaka pafupifupi 30 ndakhala ndikuopa nkhani imene sinachitike mmene ndinaimvera.

Ndinakumananso ndi wogonetsa, mayi wofatsa amene anandipatsa nthawi yokwanira, ndipo nkhani ya azakhali anailemba m'fayilo ngakhale ndinamuuza zimene ndapezazo. Chifukwa cha kukula kwa zotupa adzandigonetsa thupi lonse. Amuna anga ndinawauza, ndipo mapiritsi ndinabweza. Sindinganene kuti mantha atha, pakuti dzulo ndinadzukanso pa 2 koloko, koma ndinapuma monga anafotokozera abambo aja ndipo ndinagonanso. Achemwali aphunzitsi, munalasa pamene ndinkabisa, ndipo funso lija ndinafunsa.

Ndatsala ndi funso limodzi limene ndinaiwala kufunsa. Ndimamwa mankhwala a BP m'mawa uliwonse, ndipo andiuza kuti ndisadye kanthu kuyambira pakati pa usiku. Kodi mankhwalawo ndidzamwe kapena ndidzasiye? Ndiponso ngati mantha adzandigwira mwamphamvu pakhomo penipeni, BP n'kukwera, kodi adzandibweza?

Wopuma ntchito ya ku fiyeta:

Amayi, mwachita bwino kwambiri kuimba foni imeneyo. Za mankhwala a BP, yankho lidalira mtundu wake, ndipo ayenera kukuyankhani ndi amene adzakugonetseni. Ena, monga atenolol ndi amlodipine, kawirikawiri timati wodwala amwe m'mawa womwewo ndi madzi ochepa, ndipo atenolol makamaka si wofunika kumusiya mwadzidzidzi. Ena, monga enalapril ndi losartan, madokotala ambiri amawaimitsa tsiku limenelo chifukwa akhoza kutsitsa BP kwambiri munthu akagonetsedwa. Tengani mapaketi onse mupite nawo, kapena mufunse namwino wa mu wodi tsiku limene adzakugonekeni, ndipo yankho mulilembe m'kope lija.

Lamulo la kusadya mulisunge ndithu. Munthu akagonetsedwa, minofu imene imatseka njira ya chakudya imamasuka ndipo satha kutsokomola, choncho zimene zili m'mimba zikhoza kukwera n'kulowa m'mapapo. Malangizo amene amatsatidwa m'maiko ambiri ndi akuti chakudya chisiyidwe maola 6 opaleshoni isanayambe, ndipo madzi akumwa oyera aloledwe mpaka maola 2 isanayambe, koma tsatirani nthawi imene chipatala chanu chakupatsani, ndipo mufunse ngati mungamwe madzi m'mawa, chifukwa ludzu limawonjezera kusakhazikika kwa mtima. Ngati mutadya moiwala, nenani, musabise.

BP imene yakwera chifukwa cha mantha timaiona tsiku lililonse, ndipo siichititsa kuti munthu abwezedwe pokhapokha itakwera mopitirira kwambiri n'kukana kutsika. Timayezanso pakapita mphindi zingapo, timayang'ana mmene yakhala ikuyendera masabata apitawa, ndipo pakafunika timapereka mankhwala okhazika mtima pansi monga midazolam kudzera pa diripi. Usiku womaliza mwina simudzagona bwino, ndipo zimenezo sizidzasokoneza mankhwala ogonetsa ngakhale pang'ono. Ngati chipatala chikulola, tengani foni ndi zomvetsera m'makutu kuti muzimvera nyimbo zimene mumakonda podikira, pakuti kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya The Lancet mu 2015, amene anaphatikiza zofufuza 73, anapeza kuti nyimbo zimachepetsa nkhawa ndi ululu mwa odwala a opaleshoni. Mukafika pakhomo ndipo mawondo akayamba kunjenjemera, muuzeni namwino amene ali pafupi kuti muli ndi mantha ndipo mukufuna akugwireni dzanja mpaka mugone. Ndinagwira manja ambiri otero, ena a anthu audindo waukulu, ndipo sindikukumbukira kuti panali mnzanga amene anakanapo pempho limeneli.